Mwathira oyilo wa synthetic mu pikapu ya dizilo koma mavuto sakutha: poyambira kufufuza

Madandaulo ake amakhala ofanana. Mwini Hilux, Ranger, D-Max kapena Navara wagula oyilo wodula wolembedwa fully synthetic, makaniko wathira, koma sipanapite nthawi nyali ya DPF, sefa yogwira mwaye wa mu utsi, yayamba kuyakayaka. Wina akuti oyilo wayamba kutha msanga kuposa kale. Winanso akudabwa kuti m'malo motsika, oyilo akukwera pa dipusitiki. Ambiri zikatere amagamula kuti synthetic sagwirizana ndi kutentha kwa kuno, n'kubwerera ku 20W-50 wa masiku onse. Kawirikawiri mlandu sukhala wa synthetic. Umakhala wa tizilembo ta kumbuyo kwa chigubu timene palibe anatiwerenga, kapena wa injini imene inali kale ndi nthenda yake oyiloyo asanalowemo.

Synthetic wambiri wa m'mashopu ndi wa Group III, mafuta a pansi omwewa koma oyengedwa kwambiri. Wochepa ndi wa Group IV, wotchedwa PAO. Onse awiri amapirira moto wa tebo kuposa oyilo wamba, ndipo sachedwa kufika ku mabering'i mukaliza injini m'mawa. Koma zoti ndi woyenera injini yanu zimanenedwa ndi zilembo monga API CI-4, ACEA C2, JASO DL-1, kapena nambala ya wopanga galimoto monga WSS-M2C913-D ya Ford. Pali synthetic wa injini za petulo, wa mathiraki, wa dizilo wokhala ndi DPF, ndipo zigubu zake kutsogolo zimaoneka chimodzimodzi.

Choyamba: pali DPF kapena palibe?

Musadalire dzina la galimoto. Fakitale ya Toyota ku Prospecton, ku Durban, ndi ya Ford ku Silverton, ku Pretoria, zimapanga mapikapu a misika yosiyanasiyana. Yopita ku Ulaya imaikidwa DPF, pamene zambiri zogulitsidwa kum'mwera kwa Africa kuno zilibe, ngakhale injini ili imodzimodzi. Pikapu yochokera ku UK yopangidwa kuyambira cha m'ma 2012, kapena yatsopanoko yochokera ku Japan kapena Australia, muiyese kuti ili ndi DPF mpaka mutatsimikiza ndi maso.

Lowani kunsi. DPF ndi chitini chonenepa pa paipi ya ekizozi, chakufupi ndi tebo, ndipo chimadziwika ndi timapaipi topyapyala tochoka pachitinicho kupita ku sensa yoyeza mmene utsi ukupanikizikira. Catalytic converter payokha ilibe timapaipi timeneti. Njira yachidule nayi: injini itazizira, pisani chala kumapeto kwa ekizozi. DPF ikakhalapo ndipo ili yamoyo, chala chimatuluka choyera kapena chotuwirako pang'ono. Ikakhala palibe, kapena itabooka, chimatuluka chakuda bii.

Funsoli likutsogola chifukwa cha phulusa. Mu oyilo aliyense muli mankhwala otsuka injini ndi oteteza zitsulo, okhala ndi calcium, magnesium, zinc ndi phosphorus. Injini iliyonse imawotchako oyilo pang'ono, ndipo mankhwalawa akapsa amasiya phulusa. Mwaye wogwidwa mu DPF umapsa n'kutha galimoto ikatenthetsa utsi kufika cha m'ma 600°C. Phulusa silipsa, limangounjikana. Oyilo wa ACEA A3/B4 amaloledwa phulusa mpaka 1.6%, ndipo API CI-4 alibe n'komwe malire a phulusa. Wa C2 ndi C3 sapitirira 0.8%, wa JASO DL-1 sapitirira 0.6%, wa C1 ndi C4 sapitirira 0.5%. API CJ-4 wa mu 2006 ndi CK-4 wa mu 2016 amalekezera pa 1.0%, ndipo kwawo ndi ku mathiraki ndi mapikapu akuluakulu a ku America a injini za Cummins, Duramax ndi Power Stroke. Sangalowe m'malo mwa C2 mu Hilux ya ku Ulaya.

DPF yodzaza phulusa imadziwika motere: galimoto imene inkayenda makilomita mazana angapo isanayambe kudziwotchera mwaye tsopano ikuchita zimenezi pafupipafupi, dizilo akutha msanga, mphamvu zikuchepa pachitunda. Kusintha oyilo n'kuthira woyenera kumaletsa vutoli kukula, koma phulusa lolowa kale silituluka ndi forced regeneration, kuwotcha mwaye mokakamiza ndi kompyuta, ngakhale atakulipiritsani katatu. DPF iyenera kumasulidwa n'kutsukidwa chobwerera, kuchokera kotulukira utsi kupita kolowera, kenako kompyuta iuzidwe kuti ntchitoyo yachitika. Amene amangoiboola ndi chitsulo osakhudza pulogalamu ya mu kompyuta amabala vuto lina: galimoto imapitiriza kupopera dizilo wowotchera sefa imene kulibe.

Injini zopanda DPF

Pa 5L-E, 2KD ndi 1KD za kuno, 1HZ ya Land Cruiser, 4JA1 ndi 4JK1 za Isuzu, 4D56 ya Mitsubishi ndi YD25 ya NP300, oyilo wa phulusa lochepa si mphatso. Mankhwala osiya phulusa aja ndi omwenso amapha asidi wochokera ku sulphur wa mu dizilo. Mphamvu imeneyi imayezedwa ndi nambala ya TBN, ndipo A3/B4 amayenera kukhala ndi TBN yosachepera 10, pamene oyilo a gulu la C amakhala pansi pake. Ku Ulaya dizilo ali ndi sulphur wosapitirira 10 ppm (magawo 10 pa miliyoni), ku America 15 ppm. M'chigawo chathu chino wofala ndi wa 50 ppm, ndipo pali malo amene wa 500 ppm akupezekabe. Tiwonjezepo nthawi za kusowa kwa mafuta, pamene munthu amathira wa m'zigubu amene sadziwa kuti wasakanizidwa ndi chiyani. Injini yotere ipatseni CI-4, ACEA E7 kapena A3/B4. Buku la Hilux yakale likanena CF-4, musavutike kumufuna, CH-4 ndi CI-4 analowa m'malo mwake.

FA-4 yekha musamukhudze. Anatuluka limodzi ndi CK-4 mu 2016 koma ndi wopepuka dala, wa injini zatsopano za mathiraki zimene zinapangidwira iyeyo, ndipo salowa m'malo mwa oyilo aliyense wakale.

Za 5W-30, 5W-40 ndi 15W-40

Nambala ya kutsogolo kwa W imanena za kuzizira. 15W amayezedwa pa -20°C, 5W pa -30°C, 0W pa -35°C. Ngakhale ku Dedza kapena ku Nyika mu June sikufika pamenepo, choncho 15W-40 sangakane kuyenda kulikonse kuno. Nambala yachiwiri ndiye yofunika kwa ife, chifukwa imanena mmene oyilo amalemerera injini itatentha: pa 100°C wa 30 amakhala pakati pa 9.3 ndi 12.5 cSt, wa 40 pakati pa 12.5 ndi 16.3. Apa mpamene anthu ambiri amasokonezeka. 5W-40 ndi 15W-40 amalemera mofanana injini ikatentha. Amene wachoka pa 15W-40 wamba kupita pa 5W-40 synthetic sanapeputse oyilo. Amene wachoka pa 15W-40 kupita pa 5W-30 ndiye wapeputsa.

Ndipo 5W-30 si mmodzi. C2 ndi A5/B5 ndi opepuka pakati pa zitsulo zopanikizana, HTHS yawo, nambala yoyeza kulemera kumeneku, imayambira pa 2.9. C3 ndi A3/B4 imayambira pa 3.5. Injini yopangidwira 3.5 mukaipatsa wa 2.9, kenako n'kuisenzetsa matumba a chimanga kukwera chitunda cha Chikwawa mu October, mabering'i ndi amene amalipira. Injini yopangidwira wopepuka mukaipatsa 20W-50, oyilo amachedwa kufika ku tebo ndi kumtunda kwa injini polizidwa, ndipo dizilo amatha wambiri popanda phindu. Buku la galimoto likapereka mitundu ingapo, kwa onyamula katundu ndi a kuchigwa cha Shire tinganene kuti sankhani wolemerapo pa mitundu yololedwayo, osati wa kunja kwa mndandanda.

Pali injini imodzi yosafuna kuyesera. 2.0 ya Ford ya mu Ranger zambiri zatsopanoko, kuphatikizapo bi-turbo, ili ndi lamba wa taimingi woyenda m'kati mwa oyilo. Oyilo wolakwika, kapena wosungunuka ndi dizilo, amafewetsa lambayo, tizidutswa take n'kukatseka sefa ya pampu. Apa thirani yekhayo wokhala ndi nambala ya Ford yolembedwa m'buku la galimotoyo.

Oyilo akukwera pa dipusitiki

Oyilo sabereka. Akakwera ndiye kuti mwalowa dizilo kapena madzi.

Madzi savuta kuzindikira. Oyilo amasanduka ngati tiyi wamkaka, kunsi kwa chitsekerero kumakhala thovu lotuwa, ndipo madzi a mu radiyeta amatsika. Yambani ndi oil cooler, yoziziritsa oyilo, musanathamangire kutsegula hedi, chifukwa imabooka kawirikawiri ndipo ndi yotsika mtengo kuposa gasiketi.

Dizilo ndiye wofala pa galimoto za DPF. Kuti iwotche mwaye, kompyuta ya galimoto zambiri imapopera dizilo wowonjezera mochedwa, pisitoni itatsika kale, kuti akapsere mu ekizozi. Wina amatsetsereka m'makoma a silinda n'kugwera mu sampu. Ntchito yowotchayi imafuna mphindi 20 mpaka 30 galimoto ikuyenda mosalekeza. Pikapu imene ntchito yake ndi kuchoka ku Area 25 kupita ku Old Town, kapena kukwawa pa Chipembere Highway nthawi yoweruka, imayamba kuwotcha, dalaivala n'kuzimitsa isanamalize, mawa n'kuyambanso. Ulendo uliwonse wotere umawonjezera dizilo mu oyilo. N'chifukwa chake dipusitiki ya galimoto zina, monga Triton, ili ndi chizindikiro cha X pamwamba pa mzere wodzaza: oyilo akafika pamenepo asinthidwe, ngakhale atayenda makilomita 3,000 okha.

Poyesa, donthezani dontho limodzi la oyilo wofunda pa katoni yoyera, muisiye pamalo athyathyathya kwa maola angapo. Pakati pamada, zimenezo n'zabwinobwino. Koma kunja kukazungulira mkombero waukulu wowala, wonyowa, ndipo oyiloyo akununkha dizilo ndi kudontha pa dipusitiki mofulumira, ndiye kuti wasungunuka. Sinthani oyilo ndi fyuluta, kenako muzitulutsa galimotoyo pa M1 kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, pa liwiro la 60 mpaka 90, injini ili cha m'ma 2,000 rpm, kwa theka la ola. Mukaima n'kumva fani ikulira, aidilo yakwera ndipo kunsi kukununkha moto, musazimitse, ili pakati pa ntchito.

Galimoto ikakhala yopanda DPF koma oyilo akukwera, yang'anani mainjekita odontha. Pa injini zimene pampu ya dizilo imayendetsedwa ndi magiya, monga 1HZ, yang'ananinso silo ya kutsogolo kwa pampuyo.

Musalizengereze vutoli. Oyilo wodzaza mopitirira ndi wosakanikirana ndi dizilo akhoza kukokedwa kudzera pa paipi yopumira n'kulowa mu injini, iyo n'kuyamba kuthamanga yokha ndi utsi wochuluka, ngakhale mutachotsa kiyi. Zikachitika pa galimoto ya manyuwo, pondani buleki mwamphamvu, ikani giya yapamwamba, musiye kilatchi kuti izime. Musatseke polowera mpweya ndi dzanja.

Oyilo akutha msanga kapena wayamba kudontha

Synthetic wa masiku ano sadya masilo. Chimene chimachitika pa injini yoyenda makilomita 300,000 pa oyilo wamba n'chakuti masilo ake anauma kale, ndipo matope akuda ndi amene ankatseka ming'aluyo. Oyilo watsopano akatsuka matopewo, kudontha kumaonekera. Mankhwala ake ndi silo yatsopano, osati kubwerera ku oyilo wauve.

Musanagamule kuti injini ikudya oyilo, yezani moyenera. Imikani galimoto pamalo omwewo osapendekeka, dikirani mphindi 5 mpaka 10 mutazimitsa, dzazani mpaka pamzere, lembani makilomita, muyezenso patatha 1,000. Pakati pa mizere iwiri ya dipusitiki pamakhala lita imodzi mpaka imodzi ndi theka, malingana ndi injini. Mabuku ena a opanga galimoto amalola mpaka lita imodzi pa makilomita 1,000, koma pikapu yathanzi sifika n'kufupi komwe. Ikamamwa theka la lita pa mtunda umenewo, fufuzani.

Masulani paipi yochoka ku tebo kupita ku intercooler, yoziziritsa mpweya wolowa mu injini. Kunyowa pang'ono n'kwachibadwa, koma oyilo wochita kutsanulika ndiye kuti tebo yatha kapena injini ikupuma kwambiri. Injini ili pa aidilo, masulani chitsekerero cha oyilo muchisiye pakamwa pake: chikamangovina pang'ono palibe vuto, chikamakankhidwa ndi utsi ndiye kuti maring'i atha. Utsi wabuluu wa m'mawa wokha umaloza ku masilo a mavavu. Ndipo pisani chala m'paipi ya kuseri kwa fyuluta ya mpweya. Mukapezamo fumbi, mwapeza chimene chinadya maring'iwo. M'misewu yathu yafumbi, fyuluta ya mpweya yosakhala bwino m'bokosi lake imapha injini msanga kuposa oyilo wotchipa, ndipo kuipopera ndi mpweya wa kompuresa kumang'amba pepala lake.

Nyali ya oyilo yayaka sevisi itangotha

Zimitsani pompo. Kenako ganizirani zinthu zitatu.

Pa Ranger 2.2 ndi 3.2, komanso Mazda BT-50 ya injini zomwezo, pampu ya oyilo imalephera kukokanso ikakhala youma nthawi yaitali. Chizolowezi chosiya galimoto ikukha oyilo makaniko atapita kukadya nkhomaliro chanokesa injini zambiri za mtundu umenewu. Kuchokera pomasula bawuti ya sampu mpaka pothira oyilo watsopano pasapitirire mphindi 10. Konzeranitu zonse, zigubu zitsegulidwe, wochapa watsopano wa bawuti akhale pafupi. Ya 2.2 imalowa malita pafupifupi 8.6, ya 3.2 pafupifupi 9.8, ndiye chigubu chimodzi cha malita 5 ndi botolo limodzi sizikwana. Mukaliza, nyali izime m'masekondi ochepa. Ikapanda kuzima musaponde moto poganiza kuti ikoka.

Pa 1KD ndi 2KD za Toyota, mainjekita amakhala m'kati mwa kavala ya mavavu, atakhazikika pa mawochapa amkuwa. Mawochapawa akatopa, utsi wa m'silinda umathawira mu oyilo n'kupanga makala amene amatsikira mu sampu n'kutseka sefa ya paipi yokokera oyilo. Chizindikiro choyamba chimakhala kugogoda ndi utsi woyera polizidwa m'mawa. Mukakhetsa oyilo, unikani ndi tochi pa bowo la bawuti, sefayo imaonekera. Ikakhala yakuda ndi yotsekeka, masulani sampu muitsuke, musinthe mawochapa onse anayi ndi masilo ake. Kuthira engine flush, mankhwala otsukira m'kati mwa injini, pa injini yotere n'kuika moyo wake pachiswe, chifukwa zonse zomatuka zimathera pa sefa yomweyo. Injini yauve imene mukuisamutsira ku synthetic ndi bwino kuitsuka pang'onopang'ono: sinthani oyilo ndi fyuluta pa makilomita 2,000 mpaka 3,000 maulendo awiri oyamba.

Chachitatu ndi fyuluta yabodza, kapena sensa yakufa. Musalote, mangani geji pamalo pa sensayo. Pa injini za KD, itatentha, Toyota imafuna 0.3 bar kapena kuposa pa aidilo, ndi 2.5 bar kapena kuposa pa 3,000 rpm. Geji ikaonetsa bwino, sinthani sensa. Ikaonetsa pansi, oyilo wolemera angobisa vuto kwa miyezi yochepa.

Kuda msanga, ndi nthawi yosinthira

Oyilo wa dizilo kuda patangotha tsiku limodzi si vuto. Ntchito yake ndi kunyamula mwaye kuti usamatirire pazitsulo, ndipo injini za EGR, zobwezera utsi wina m'masilinda, zimamupatsa mwaye wambiri. Choopsa ndi oyilo wolimba, womata pakati pa zala, kapena wokhala ndi timiyala.

Koma apa mpamene pali chinyengo chachikulu cha malonda a synthetic. Oyilo wa mu dizilo satha chifukwa chakuti mafuta ake apsa. Amatha chifukwa wadzaza mwaye, dizilo, asidi ndi fumbi, ndipo zimenezi zimalowa mofanana kaya oyiloyo ndi wodula kaya wotchipa. Makilomita 20,000 kapena 30,000 olembedwa m'mabuku a ku Ulaya ndi a misewu ya phula ndi dizilo wa 10 ppm. Mapikapu ambiri a msika wa kuno amapatsidwa 10,000 mpaka 15,000, ndipo mabuku omwewo amati mudule pakati ngati galimoto imayenda m'fumbi, imakoka ngolo, imakhalitsa pa aidilo kapena imayenda maulendo aafupi. Pikapu ya pa esiteti, ya pulojekiti ya kumidzi kapena ya matola ili m'gulu limenelo: 5,000 mpaka 7,500, kapena miyezi 6, chimene chayamba kukwana. Kwa injini yakale yopanda DPF yosinthidwa oyilo pa 5,000, 15W-40 CI-4 weniweni amakwanira, ndipo ndalama yotsalayo ipite ku fyuluta zabwino. Synthetic amabweza ndalama yake pa injini za common rail za tebo yotentha kwambiri, ndi paliponse pamene buku lalamula C2, C3, DL-1 kapena nambala ya wopanga.

Ngakhale muli ndi synthetic, mukangofika kuchokera pa liwiro kapena pachitunda, isiyeni injini pa aidilo mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse, kuti oyilo asapsere mu tebo.

Ngati zonse zili bwino koma oyilo sakuchita monga mwa zilembo zake

Kayikirani chigubucho. Zigubu zopanda kanthu zimatoledwa m'magalaja n'kudzazidwanso ndi oyilo wotchipa kapena wakale wosefedwa. Onani mkombero wa chitsekerero ngati sunamatidwe ndi guluu kapena moto, onani kapepala kotseka pakamwa, onani ngati nambala ya batch ndi tsiku zasindikizidwa bwino pachigubu. Oyilo watsopano amakhala woyera mooneka kuseri, wopanda fungo lopserera, ndipo pansi pa chigubu sipakhala zinyalala. Mtengo wotsika kwambiri kuposa wa ku filing'i siteshoni ndi chenjezo palokha. Werenganinso bwino mawu ake: chigubu chongoti oyiloyu ndi woyenera injini zofuna C2 n'chosiyana ndi chonena kuti anavomerezedwa, ndipo a API ali ndi mndandanda pa intaneti wa oyilo onse amene anawapatsa chilolezo. Sevisi ikatha, boolani zigubu zanu musanazisiye.

Mukakhala pa ulendo oyilo n'kutsika pansi pa mzere, thirani oyilo wa dizilo aliyense weniweni amene mwapeza. Synthetic ndi wamba amasakanikirana popanda kuundana. Lita imodzi ya 15W-40 mu galimoto ya DPF siitseka sefa tsiku limodzi, koma mukafika musinthe oyilo yense msanga kuposa nthawi yake, ndipo kuyambira pamenepo muziyenda ndi lita ya oyilo wanu kuseri kwa mpando.